Musanagule pepala lomatira makapu, tembenuzani kapu

Kapu ya yogati kapena chambiko yomata bwino pakamwa imadzigulitsa yokha. Fumbi la mumsewu wa M12 silimalowa, ntchentche sizitera pa chakudya, ndipo wogula amadziwa kuti palibe amene anayamba walawako. Koma kapu yomweyo ikachucha m'chikwama cha kasitomala, kapena ikakana kutseguka mpaka munthu kuchita kung'amba ndi mano, mwataya ndalama ndi kasitomala yemwe. Mavuto awiriwa nthawi zambiri amachokera pamodzi: pepala lomatira silinagwirizane ndi kapu.

Pepalali ogulitsa amalitchula kuti sealing film. Limabwera mu mpukutu, ndipo makina amalimata pamlomo wa kapu ndi moto. Ambiri akamagula amayang'ana mtengo ndi maluwa ojambulidwa pamwamba. Chofunika kwambiri chili pansi pa kapu yanu.

Nambala ya pansi pa kapu

Tembenuzani kapu. Muona kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala pakati. Nambala 5 ndi pulasitiki ya PP, yofewa ndiponso yopirira kutentha, moti mutha kuthiramo phala kapena tiyi. Nambala 1 ndi PET, yowala ngati galasi, yokongoletsa juwisi wa malambe kapena wa mango, koma imayamba kupindika chakumwa chikatentha kufika madigiri pafupifupi 70. Nambala 6 ndi PS, ya timakapu tambiri ta yogati, yomwe sichedwa kusweka mukaifinya. Palinso makapu a pepala, okutidwa mkati ndi pulasitiki yopyapyala ya PE.

Pepala lomatira lili ndi zigawo. Chapamwamba chimapirira moto wa makina, chapansi ndicho chimasungunuka n'kugwira kapu. Chapansicho chimapangidwa kuti chigwire mtundu wake wa pulasitiki. Pepala la PP pa kapu ya PET limaoneka ngati lagwira, koma mukangokhudza limachoka. Alipo mapepala opangidwa kuti agwire makapu a mitundu ingapo, ndipo amakhala okwererako mtengo. Choncho popita kukagula, kaya ku Lilongwe kapena ku Chipata, nyamulani makapu anu angapo. Muyezenso kukula kwa pakamwa, chifukwa makapu ambiri a zakumwa ndi a mamilimita 90 kapena 95, pomwe timakapu ta yogati timacheperapo. Kapu, pepala ndi makina ziyenera kukhala za muyezo umodzi.

Lomatuka kapena loboola?

Mapepala omatira alipo a magulu awiri. Lina limasungunukirana ndi kapu mpaka kukhala chinthu chimodzi. Limeneli silimatuka, wogula amaboola ndi kapaipi komwera. N'labwino pa juwisi ndi zakumwa zina zamadzimadzi, ndipo silichucha msanga paulendo.

Lina ndi lomatuka, lomwe pa katoni pamalembedwa kuti easy peel kapena peelable. Opanga amasakaniza dala chigawo chapansi kuti chigwire mokwanira koma chilole kusendeka ndi zala. Ili ndilo lofunika pa chakudya chodya ndi supuni: yogati wolimba, chiponde, zipatso zodula. Mayi wogulira mwana yogati pa depoti sayenda ndi mpeni. Akakoka kamodzi, pepala lichoke lonse osasiya zidutswa ndiponso osathira chakudya pa zovala.

Palinso tizivundikiro ta aluminiyamu todulidwa kale, tonga ta pa yogati wa m'sitolo. Timatchinga kuwala ndi mpweya kuposa pepala loonekera mkati, zomwe zimathandiza mkaka ndi chiponde kuti zisasinthe fungo msanga. Natonso timapakidwa zomatira za PP, za PS kapena zogwira zonse, ndiye funso lija la nambala musalisiye.

Thobwa ili ndi khalidwe lake

Apa ogulitsa thobwa atchere khutu. Thobwa imapitiriza kusasa ngakhale mwaitsekera, ndipo posasapo imatulutsa mpweya. Dzuwa la Okutobala likaiwomba, pepala limafufuma ngati ng'oma, kenako limaphulikira pomwe linagwira mofooka. Lomatuka ndilo limagonja msanga. Chambiko ndi yogati nazo zimatero zikakhala potentha. Palibe pepala lomwe limalowa m'malo mwa furiji. Matani zokwana kugulitsa tsiku lomwelo, ndipo zisungeni m'bokosi loziziritsira lokhala ndi ayezi.

Chiponde chili ndi vuto lina. Kadontho ka mafuta a mtedza pamlomo wa kapu n'kokwanira kulepheretsa pepala kugwira. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani mpata wa chala chimodzi, ndipo pukutani mlomo ndi kansalu koyera, kouma musanamate.

Moto, kupsinja ndi nthawi

Nthawi zina pepala limanamiziridwa pomwe olakwa ndi makina. Kumata kumadalira zinthu zitatu: kutentha, mphamvu yopsinjira ndi masekondi omwe chitsulo chakhala pa kapu. Makapu a PP kawirikawiri amamatidwa pa madigiri 160 mpaka 180, pomwe a PET amafuna moto wocheperapo. Wogulitsa akuuzeni mlingo wa pepala lake. Moto ukachepa, pepala siligwira. Ukachuluka, limakwinyika, mlomo wa kapu umapindika, ndipo lomatuka lija limatha kugwiriratu osatsegukanso. Magetsi akangoyaka pambuyo pozima, dikirani makina atenthe mokwanira. Akabwera ofooka, kapena ngati mukugwiritsa ntchito jenereta yaing'ono, yesani kaye kapu imodzi ya madzi.

Yesani musanagule katoni

Pemphani chidutswa, kapena gulani mpukutu umodzi wokha. Matani makapu khumi okhala ndi chakudya chenichenicho chomwe mumagulitsa. Atatu atembenuzeni chadodolido pa nyuzipepala youma kwa ola limodzi, muone ngati panyowa. Atatu afinyeni pang'ono m'mbali, mukumvetsera ngati mpweya ukutuluka. Awiri agone m'furiji usiku wonse, chifukwa pepala lina limagwira potentha n'kulekerera pozizira. Awiri otsalawo akwere kabaza pamsewu wa mabampu, monga momwe katundu wanu amayendera popita kumsika wa Kamwendo, Mkanda kapena Kapiri. Pomaliza patsani mwana wa sukulu ndi agogo kuti atsegule. Pamlomo wa kapu pakhale mzere wozungulira wosadukiza. Pomwe mzere waduka, pamenepo ndi pomwe padzachuche.

Mtengo weniweni uli pa kapu imodzi

Musafunse mtengo wa mpukutu wokha, funsaninso kuti umamata makapu angati. Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo ziwerengerozi ndi chitsanzo chabe. Mpukutu wa K90,000 womata makapu 3,000 ukutanthauza K30 pa kapu. Wina wa K60,000 womata makapu omwewo ndi K20 pa kapu. Koma ngati wotchipawo ukuchuchitsa kapu imodzi pa 20 alionse, ndipo kapu mumagulitsa K1,000, mukutaya K50 pa kapu iliyonse. Wotchipa uja wafika pa K70. Mapepalawa ambiri amachokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amadziwa kuti katundu wotere sakhazikika mtengo. Amalonda atatu kapena anayi ogwiritsa ntchito makapu ofanana angasonkherane n'kugula katoni limodzi.

Za pachipata ndi za malamulo

Ogula ku Zambia amadutsa pachipata cha Mwami, chomwe kuyambira Disembala 2022 chimagwira ntchito ngati chipata chimodzi cha maiko awiri. Ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a mgwirizanowo yemwe ali pamndandanda womwe maboma anagwirizana. Pepala lopangidwa ku China silisanduka la ku Zambia chifukwa choti mwaligula ku Chipata, ndiye funsani a MRA za msonkho musanawerengere phindu.

Kumbukiraninso malamulo a 2015 oletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Wogulitsa alembe pa lisiti kuchindikala kwa pepala lake, ndipo ngati n'lopyapyala kuposa pamenepo, funsani ku ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo. Pepala likhale lovomerezeka kukhudza chakudya, ndipo utoto wa zolembedwa usakhale mbali yoyang'ana chakudyacho. Amene akufuna kulowetsa katundu m'masitolo afunika kudutsa ku Malawi Bureau of Standards, komwe amaonanso ngati paketi ili ndi dzina la chakudya, zosakaniza, wopanga ndi tsiku lothera ntchito.

Mpukutu mukafika nawo kunyumba, usungeni m'thumba lake, kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi makoswe. Ndipo tsiku lomwe mudzasinthe kogula makapu, mudzatembenuzenso kapu yatsopanoyo. Nambala ikasintha, mayeso a makapu khumi aja ayambirenso.