Kuwerenga Nthaka: Maphunziro Omwe Makolo Ambiri Sitiwadziwa

Ambiri a ife a kunyanja tikamva za Thyolo timangoganiza za tiyi. Koma kumwera kwa bomali, kwa mfumu yaikulu Nsabwe cha ku Thekerani, minda ya anthu wamba ili m'mapiri otsetsereka kwambiri, ndipo chaka ndi chaka mvula imakokolola nthaka kupita nayo kumitsinje. Khasu la mlimi likagunda phale la mphika wakale pamalo otere, mlimi amangolitaya kumalire a munda. Sadziwa kuti alipo anthu omwe anakhala zaka zambiri ku sukulu ya ukachenjede kuphunzira kufunsa phale lotero mafunso awiri: analiumba ndani, ndipo linafika bwanji pamenepa?

Funso loyamba ndi la akatswiri ofukula zakale, maphunziro omwe pa Chingerezi amati archaeology. Lachiwiri ndi la jogalafe. Phale lopezeka m'munsi mwa phiri mwina silinachokere pamenepo. Mwina linatsika ndi madzi kuchokera pa bwinja lomwe lili pamwamba. Munthu wosadziwa mayendedwe a madzi ndi nthaka akhoza kulemba kuti panali mudzi pamalo pomwe sipanakhalepo munthu. Nchifukwa chake yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg inaika maphunziro awiriwa, pamodzi ndi a zachilengedwe, pansi pa sukulu imodzi, ndipo wophunzira wa digiri yachiwiri kapena yachitatu amatha kuwaphatikiza.

Izi si zachilendo kwa Asilamu. Al-Idrisi anamaliza mapu ake a dziko lapansi ku Sicily m'chaka cha 1154, ndipo Ibn Battuta anafika ku Kilwa mu 1331 nalemba zomwe anaona. Nayonso Qur'an yolemekezeka, m'malo angapo, imatiuza kuyenda padziko ndi kulingalira za mathero a mibadwo yomwe inatitsogolera.

Mmalawi yemwe anatsegula njira kuno kumwera ndi a Yusuf Juwayeyi. Iwowa anafukula m'mapanga a Malowa ndi Midima, m'mapiri omwewa a pakati pa Blantyre ndi Mulanje, ndipo mu 1981 analandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya California ku Berkeley. Pambuyo pake anatsogolera nthambi ya boma yosamala zakale, anakhalapo kazembe wa dziko lino ku United Nations, ndipo anaphunzitsanso ku New York. Ntchito yawo yotchuka ndi ya pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pomwe panali likulu la Amaravi. Pamenepo anapeza mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndiponso mapale a mbale zochokera ku China. Taganizani: mbale ya ku China pa Mtakataka, kalekale Livingstone asanaone nyanja yathu! Kuti munthu afotokoze mmene inafikira, ayenera kudziwa madoko a kunyanja ya mchere, mitsinje yomwe amalonda ankatsata, ndi mipata ya m'mapiri yomwe apaulendo ankadutsamo ndi katundu pamutu.

Inu a ku Mangochi, mayina a kwanu alimo kale m'mabuku a maphunzirowa. Mtundu wa miphika ya anthu oyamba kulima ndi kusula zitsulo kumwera kwa dziko lino umatchedwa Nkope, chifukwa a Keith Robinson anaufukula pa Nkope m'zaka za m'ma 1960. Wina, wa zaka za posachedwa, umatchedwa Nkhudzi. Ophunzira a ku London ndi ku Cape Town amalemba mayeso za malo omwe ana athu amachapirako zovala.

Ndipo nyanja yeniyeniyo siikhazikika. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika mpaka nyanja inaleka kuthira mu Shire, pomwe mu 2024 anakwera mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja natulutsa matope omwe akhala akuunjikana kwa zaka zikwi mazanamazana. Matopewo anaonetsa kuti kale kwambiri kunagwa zilala zoopsa zomwe zinatsitsa madzi ndi mamita mazana angapo. Kenaka gulu la a Jessica Thompson, lomwe linkafukula zida za miyala ku Karonga, linafanizira zomwe linapeza ndi makala komanso mungu wa mitengo wa m'matope aja. Mu 2021 linalengeza kuti zaka pafupifupi 85,000 zapitazo mvula inabwerera koma nkhalango sizinabwerere monga kale, ndipo likuganiza kuti chifukwa chake ndi moto womwe anthu ankatentha tchire. Wofukula payekha sakanadziwa zimenezi, wa jogalafe payekhanso ayi.

Tsono kwa Nsabwe nkhaniyi ikukhudza moyo wa lero. Tiyi atayamba kudzalidwa ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, malo abwino anapita kwa eni maesiteti, ndipo Amang'anja ndi Alomwe omwe ankachokera ku Mozambique anapanikizana m'malo otsala, ambiri mwa iwo otsetsereka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anaonetsa zomwe mapiri a kumwera amachita akakhuta madzi. Agogo amati ndi Napolo. Munthu wophunzira kuwerenga nthaka akakumba dzenje m'mbali mwa phiri amatha kuona mizere ya miyala ndi matope a Napolo wakale, ndi kuona ngati anthu akale ankamanga pamenepo kapena ankapapewa. Uwu ndi uphungu womwe mfumu yogawa malo ikuufuna.

Makolo ena adzafunsa za manda, ndipo funsoli ndi loyenera. Zambiri zomwe amafukula ndi mapale, mafupa a nyama, makala ndi zotsalira za ng'anjo. Komabe nthawi zina, makamaka pomanga msewu kapena damu, mafupa a anthu amavumbuluka. Maganizo athu ndi akuti tsiku lotero ndi bwino pakhale mwana wa Chisilamu yemwe akudziwa ulemu wa maliro ndipo angathe kuitana masheikh ndi mafumu ntchito isanapitirire. Chimodzimodzinso mbiri ya ma Jumbe ku Nkhotakota, ya kwa Mponda ndi kwa Makanjira, yokoma ndi yowawa yomwe, monga ya malonda a akapolo. Yambiri inalembedwa ndi amishoni ndi atsamunda.

Njira yake ndi yaitali. Mwana alimbikire jogalafe, mbiri yakale, bayoloje ndi masamu ku sekondale. Digiri yoyamba angathe kuipeza konkuno, monga ku University of Malawi ku Zomba kapena ku MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata m'boma lomwelo la Thyolo ndipo ili ndi maphunziro a za nthaka ndi nyengo komanso a za chikhalidwe. Pa digiri yachiwiri ambiri amatuluka kunja, ndipo popanda thandizo la fizi banja wamba silingakwanitse. Mabungwe athu omwe amalipirira ana sukulu amakonda za udokotala ndi za ndalama. Aganizireko mmodzi kapena awiri a mbali iyi. Ntchito zofukula zakale zokha ndi zochepa, tisanamizane. Koma luso lojambula mapu pa kompyuta limafunika m'makhonsolo, ku zamalo ndi m'mabungwe othana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Pakadali pano, mukapeza mapale ambiri pamalo amodzi, mikanda kapena ng'anjo yakale m'munda mwanu, musazitole n'kukasunga kunyumba. Chinthu chikachoka pamalo pake chimataya theka la nkhani yake. Ikani chizindikiro, uzani a mfumu, ndipo iwo adziwitse a nthambi ya Museums and Monuments kudzera kwa bwanamkubwa.