Sukulu ya Ubusa Imene Inatsata Anthu Kwao

Pamene ndilingalira za kaphunzitsidwe ka abusa pakati pa mitundu yosiyana miyambo, mtima wanga umathamangira ku dziko la Guatemala, kumene m'chaka cha 1963 aphunzitsi a sukulu ya ubusa ya mpingo wa Presbyterian ku San Felipe, ena mwa iwo James Emery ndi Ralph Winter, anapenya chinthu chowawitsa mtima: anyamata amene anawaphunzitsa m'sukulu yogonera komweko, atazolowera makhalidwe a mumzinda, kawirikawiri sanabwerere kukaweta nkhosa za kumidzi, pomwe amuna okhwima amene mipingo inkawamvera kale, alimi okhala ndi minda, akazi ndi ana, ena a iwo Amaya olankhula zinenero za makolo awo, sakanatha kusiya makasu zaka zitatu kukakhala pa benchi.

Tsono aphunzitsiwo anatembenuza dongosolo lonse. Analemba mabuku oti munthu adziwerengera yekha kunyumba, ndipo iwo eni ankayendera timagulu ta ophunzira sabata ndi sabata kukakambirana nawo zimene awerenga pamodzi ndi zimene akumana nazo pa maliro, pa maukwati ndi pa milandu ya mumpingo.

Ine ndiyesa nzeru ya dongosololi inagona pa kusankha woti aphunzitsidwe, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mnyamata, angakhale adziwe Chigiriki chotani, savuta kumuderera pa bwalo. Ena anadandaula, mwinanso ndi chifukwa, kuti maphunziro otere ndi osazama. Komabe njirayi inaoloka nyanja, ndipo kuno ku Malawi mipingo ingapo inagwirizana kukhazikitsa bungwe la TEEM lophunzitsa m'njira yomweyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.