Kamera ndi Anthu a M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Luso la kamera linalengezedwa ku Paris m'chaka cha 1839, pamene Louis Daguerre anaonetsa njira yojambulira chithunzi pa chitsulo chokutidwa ndi siliva, koma kumapiri a Dowa kunalibe mzungu wokhazikika kufikira 1889, chaka chimene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere. M'zaka makumi asanu za pakatipo, Achewa ambiri ankakhala m'malinga, ndiye kuti midzi yotchingidwa pozungulira, ndipo ena ankabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi poopa nkhondo za Angoni ndiponso ogula akapolo a kwa Jumbe ku Nkhotakota.

Chimene chinachedwetsa kamera si kutalika kwa njira kokha ayi. Kajambulidwe kamene kanafala kuyambira 1851 kankafuna kuti wojambula apake mankhwala pa galasi, ajambule, ndi kutsuka galasilo lisanaume, kotero kuti ankayenda ndi hema wamdima, madzi oyera, mabotolo a mankhwala ndi amtengatenga osenza zonsezo. John Kirk, dokotala amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi kuyambira 1858, anajambula kwambiri mitengo, nyumba ndi mabwato, pakuti mapepala amene iye ankagwiritsa ntchito m'malo mwa galasi ankachedwa kugwira chithunzi, ndipo munthu akangogwedezeka nkhope yake inkafufutika.

Pofika nthawi ya Mvera, ndiponso ya Kongwe, kumene Robert Blake anatsegula mishoni mu 1894, magalasi ouma ogulidwa okonzeratu anali atapeputsa ntchitoyi. Komabe kamera inali m'manja mwa mlendo, ndipo ndiye ankasankha woti aime patsogolo pake. Amishoni a nthawi imeneyo ankatumiza zithunzi kwawo kuti mipingo ione ntchito ndi kusonkha ndalama, choncho mfumu, ana a sukulu ndi tchalitchi chofolera ndi udzu zinkaoneka zoyenera kujambulidwa koposa mayi wosinja mapira mumtondo, mmisiri wosungunula chitsulo m'ng'anjo, kapena nkhalamba yosula nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo. N'zomvetsa chisoni kuti pansi pa zithunzi zambiri za zaka zimenezo panalembedwa mtundu wa munthu wokha, osati dzina lake, mudzi wake, kapena mfunda wake, kaya ndi Phiri kaya ndi Banda, zimene mwa Achewa ndizo zimadziwitsa kumene munthu achokera.