KUKONZANSO CHIPINDA KUTI ANA AZIPHUNZIRA MOTHANDIZANA

Tsiku lina ndinapita kukaonerera mphunzitsi wophunzira ntchito pa sukulu ina ya kufupi ndi Nyambadwe. Phunziro anali atalikonza bwino, koma pamene anauza ana kuti akhale m'magulu, nthawi yaikulu inathera kukoka madesiki olemera, ndipo magulu a kumbuyo anali mu mdima. Cholakwa sichinali chake: chipindacho chinamangidwa m'maganizo akuti mphunzitsi aziima kutsogolo, ana nakhala m'mizere chete. Komatu silabasi ya pulayimale imene inayamba mu 2007 imafuna kuti ana azikambirana ndi kufufuza limodzi.

Vutoli linakula mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma zipinda sizinachuluke molingana. Mu 2023 namondwe Freddy anaononga sukulu zambiri, ndipo zipinda zina za mu Blantyre zinasanduka mogona anthu othawa madzi ndi matope. Chotero ntchito yokonzanso zipinda siisowa. Chofunika ndi chakuti pokonzapo tisangobwezera zinthu m'mene zinalili kale, pakuti chipinda chikakonzedwa lero chidzalamulira kaphunzitsidwe kwa zaka zambiri.

Kuwala

Zipinda zambiri zili ndi zidina zabowo m'malo mwa mawindo. Zidinazi zimatchinjiriza akuba, koma zimachititsa mdima. Pamene ana onse akuyang'ana bolodi limodzi, vutoli limabisika. Koma gulu likamawerenga buku pakona, kuwala kumafunika paliponse. Pofolera denga, nkwabwino kuikako malata angapo olowetsa kuwala, ndipo makoma apakidwe njereza kapena penti yoyera.

Makoma

Bolodi limodzi la kutsogolo ndi la mphunzitsi. Tsono pomata makoma, mmisiri asalaze mzere wa simenti kuzungulira makoma atatu otsalawo, pa msinkhu woti mwana afikire, naupake penti yakuda. Motero gulu lililonse limakhala ndi pake polemba, mapepala sawonongeka, ndipo mphunzitsi ataima pakati amaona ntchito ya magulu onse nthawi imodzi. Pamwamba pa mzerewo pakhomedwe kathabwa kopachikapo zithunzi ndi zipangizo zopangidwa kuchokera ku zinthu zopezeka m'dera, monga m'mene njira ya TALULAR imatiphunzitsira m'makoleji.

Pansi ndi mipando

Pansi pong'ambika ndi pafumbi pakonzedwe poyamba, chifukwa mu Sitandade 1 ndi 2 simenti yosalala ndi mphasa zimathandiza koposa madesiki. Ana akhoza kukhala mozungulira, kenaka nayang'ananso kutsogolo, popanda chokoka. M'makalasi a akuluakulu, pogula mipando yatsopano ndi bwino kusankha timatebulo ndi mabenchi osalumikizana, oti ana awiri anyamule. Kumene kuli madesiki akale, ayalidwe awiriawiri moyang'anizana m'mbali mwa chipinda, kuti mwana aziona anzake ndi bolodi pongotembenuza mutu. Pasiyidwe njira yoti mphunzitsi afikire gulu lililonse, ndipo pakhomo pakhale chitunda chosalala m'malo mwa masitepe okhaokha, kuti mwana woyenda pa njinga ya olumala alowe yekha.

Denga, khonde ndi mthunzi

Magulu amabweretsa phokoso, ndipo malata nawo amasokosa mvula ikamagwa, natentha m'mwezi wa Okutobala. Siling'i, ngakhale ya bango, imachepetsa zonse ziwiri. Khonde lotakata limakhala ngati chipinda chachiwiri: magulu awiri akatulukirako, otsala m'kati amamvana bwino. Pansi pa mtengo wa mthunzi woyandikana ndi kalasi pakhoza kumangidwa timipando ta simenti mozungulira. M'kalasi ya ana oposa 100, kutulutsa magulu ena ndiyo njira yokha yoti onse agwire ntchito momasuka.

Udindo wa mphunzitsi

Kawirikawiri ntchito yokonza imakambidwa ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi mmisiri, pamene mwini kalasi amangoona zitatha. Ena amati, ine sindine mmisiri. Koma kumbukirani kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chili pafupi ndi Nyambadwe, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzire zomangamanga, pamodzi ndi anthu a m'deralo. Mphunzitsi sayenera kudziwa kasakanizidwe ka simenti. Ayenera kudziwa chimene ana adzachite m'chipindamo.

Chotero, aphunzitsi anzanga, musanafike msonkhano wa komiti, jambulani chipinda chanu papepala. Sonyezani pokhala magulu, podzera inu, pamene pali mdima ndi pamene padzakhale mabolodi. Fotokozerani makolo chifukwa chake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndalama zimene boma limapereka zotukulira sukulu ndi zochepa, tsono yambani ndi chipinda chimodzi. Mukachigwiritsa ntchito teremu yathunthu, lembani zimene zathandiza ndi zimene zavuta, kuti chipinda chachiwiri chidzakonzedwe bwino koposa choyambacho.