Nyumba ya Sabbatini ku Mapanga

Ndikachoka kwa Kalembo kupita ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba, maso anga sachoka pawindo tikamafika pa Mapanga. Pali chinyumba chokhala ngati malinga a mafumu akale a ku Ulaya. Anachimanga ndi Sabbatini, mzungu wa ku Italy. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Italy atakhala mdani wa Britain, atsamunda anachisandutsa malo osungira anthu a mayiko adani. Kenako munalowa Apayoniya a Kamuzu, omwe asilikali anawalanda zida mu 1993. Lero pamalopo amaphunzitsirapo asilikali a ndende. Zimandipweteka kuti ambirife timangodutsa, osadziwa zomwe makoma amenewo anaona.