KODI KANEMA AMAPANGIDWA BWANJI?

Ambiri a inu mwaonapo kanema waufupi wophunzitsa za ulimi kapena za ukhondo. Koma kodi mudziwa kuti cimene muona pa nsaru yoyera cija sicimayenda ai? Ndi zithunzi zoima zotsatana-tsatana, 24 pa sekondi imodzi, ndipo diso lanu ndilo liziyesa zoyenda. Nchito yopanga kanema iri patatu: kujambula, kuwalitsa ndi kudula.

KUJAMBULA. Wojambula ayamba waima patali kuti muone mudzi wonse ndi minda yace. Kenaka asendera kuti muone mlimi ndi khasu lace, ndipo potsiriza afika pafupi zedi kuti muone dzanja likuponya mbeu m'phando. Makina ojambulira amawakhazika pa miyendo itatu, cifukwa akagwedezeka oonerera amamva cizungulire.

KUWALITSA. Dzuwa la pa liwombo siliri labwino, pakuti limaika mdima m'maso ndi pansi pa cipewa. Cifukwa cace amajambula m'mawa kapena dzuwa litapendeka, liri kumbuyo kwa wojambula. Nkhope ikakhala mumthunzi, mnzace agwira thabwa lomatapo pepala lonyezimira, nabwezera kuwala kwa dzuwa pankhopepo.

KUDULA. Kale filimu ankaidula m'zidutswa ndi kuilumikiza ndi zomatira. Lero nchitoyi icitika pa kompyuta. Apa ndipo muyenera kucenjera. Ca m'ma 1920, Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa nkhope imodzi ya munthu, poyamba motsatana ndi mbale ya msuzi, kenaka motsatana ndi bokosi la maliro. Anthu anati poyamba paja munthuyo ali ndi njala, ndipo paciwiri ali ndi cisoni, cikhalireco nkhope inali yomweyo. Wodula ndiye amakuuzani coti muganize.

Kuno kwathu zimenezi si zacilendo. M'caka ca 1948 ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, limene linkapanga akanema afupi-afupi a anthu a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Galimoto inkafika nawo pamudzi madzulo, ndipo popeza akanema oyambawo analibe mau, munthu wina ankamasulira m'cinenero ca komweko. Kawiri-kawiri nkhani yace inkakhala ya anthu awiri, wina womvera alangizi nakolola zambiri, wina wokana nasauka. Munda wabwino ndi munda woipa ankaziika motsatana kuti muziyerekeze.

Akulu ena a nthawi imeneyo, monga William Sellers amene anatsogolera Colonial Film Unit kuyambira 1939, ankati munthu wa kumudzi sangatsate kanema wothamanga, ndipo ankalamula kuti zonse ziziyenda pang'ono-pang'ono. Kumeneko kunali kupeputsa anthu, pakuti ku migodi ya Copperbelt anthu omwewo ankadzaza mabwalo kukaona akanema othamanga a ku America.

Tsopano mwana wanu akhoza kujambula ndi foni ya m'manja. Muuzeni aigwire mosagwedeza, dzuwa likhale kumbuyo kwace, ndipo apemphe cilolezo asanajambule munthu. Inunso akakuonetsani kanema wa mbeu yatsopano kapena wa mankhwala ogulitsa, musafulumire kumasula ndalama. Funsani kuti mundawo uli kuti, unalimidwa caka canji, ndipo nanga zimene anadula nataya zinali zotani.