Mwana Akafuna Kutsitsa Galimoto Yakale

Anyamata athu amene amapita kukagwira ntchito ku Johannesburg, kumene timati ku Joni, sabweranso ndi bulangete ndi wayilesi zokha monga ankachitira agogo awo masiku a Wenela. Ena amabwera ndi galimoto. Kawirikawiri imakhala yaing'ono ndi yakale, monga Citi Golf imene inkapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 kufikira 2009, kapena Toyota Tazz imene analeka kuipanga mu 2006. Pobwerapo amatenganso mwambo umene anauona m'misewu ya kumeneko, wotsitsa galimoto kuti mimba yake iyandikire pansi. Akulu a pamudzi akaiona amafunsa kuti, "Kodi yathyoka?" Iyayi, sinathyoke. Mwini wake walipira ndalama kuti ikhale chomwecho.

Mwambo umenewu si wa dzulo. Ku Los Angeles, m'dziko la America, anyamata ankaika matumba a mchenga kumbuyo kwa magalimoto awo kuti atsike, kufikira Boma la California linaika lamulo mu 1958 loletsa magalimoto otsika kopitirira, ndipo lamulolo linachotsedwa poyamba pa chaka cha 2024. Ife kuno timatsitsa galimoto ndi matumba a chimanga chaka ndi chaka, koma palibe amene amatitama.

Tisamuseke mnyamatayo. Pa msewu wosalala wa tala galimoto yotsika sipendekeka kwambiri pokhota, monganso ngolo imene katundu wake wolemera ali pansi sigubuduka msanga. Ndipo ngakhale angofuna kukongola kokha, nanga ife sitikongoletsa njinga zathu? Koma galimoto ya pamudzi si ya munthu mmodzi. Ndiyo imene imanyamula mayi wodwala usiku kupita naye kuchipatala, ndipo nthawi zambiri ndalama zoikonzera zimachokera m'fodya ndi mtedza wa banja lonse. Chifukwa chake makolo ayenera kudziwa zimene mwana wawo ali kufuna kuchita kunsi kwa galimotoyo.

Zimene zili kunsi

Thupi la galimoto limakhala pa masipuling'i, ofanana ndi aja a pansi pa chishalo cha njinga koma aakulu zedi. Pamodzi ndi sipuling'i pali chitsulo chonga mpope, chokhala ndi mafuta m'kati, chimene amakaniko amachitcha shock. Sipuling'i imanyamula kulemera, shock imaletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda dzenje. Amene anapanga galimoto anaziyeza ziwirizi kuti zigwirizane, nasiyanso mpata woti tayala lizikwera ndi kutsika. Kutsitsa galimoto ndiko kudya mpata umenewo. Mpatawo ukatha, galimoto imagunda pa timipira timene tili kumapeto kwake, ndipo kugundako kumamveka m'msana mwa okwera ndi m'zitsulo zonse.

Njira ziwiri zimene tikukanizani

Wosowa ndalama amayamba waganiza zodula masipuling'i amene alipo kale. Ntchitoyi n'njosavuta ndipo sidya ndalama tsiku limenelo. Koma sipuling'i yodulidwa sikhalanso bwino m'chikho mwake, pakuti nsonga imene anaipanga kuti ikhazikike yatayidwa. Tayala likalendewera m'dzenje, sipuling'i yaifupiyo ingathe kuchoka m'malo mwake n'kung'amba tayala kapena kapaipi ka mabuleki. Ndiponso n'kovuta kudula zinayi molingana, kotero galimoto imayenda chopendekeka ngati bulu wotsimphina.

Njira yachiwiri ndiyo yoipa koposa: kuwotcha sipuling'i ndi moto wa owotcherera kufikira itafiira ndi kufwamphuka. Mlimi aliyense adziwa chimene chimachitika ndi nkhwangwa imene yapsa nyumba itayaka. Ngakhale muiike mpini watsopano, chitsulo chake chafewa, sichigwiranso mano. Wosula amalimbitsa chitsulo ndi moto woyeza ndi kuziziritsa koyeza, ndipo sipuling'i inalimbitsidwa chomwechonso ku fakitale. Mukaiwotcha mwapha mphamvu yake. Idzanka ifwamphukirabe, ndipo tsiku lina idzathyoka, mwina galimoto ili kuthamanga ndi anthu m'kati. Mmisiri akakuuzani kuti adzakuwotcherani pa mtengo wochepa, mtsazikeni mwaulemu.

Njira yoyenera kwa wa ndalama zochepa

Alipo masipuling'i opangidwira ntchito imeneyi, aafupi koma olimbirapo, kuti ngakhale mpata wachepa galimoto isamagunde pansi. Makampani a ku Germany monga Eibach ndi H&R ndi odziwika pa ntchitoyi, ndipo aliponso ena. Ambiri amatsitsa galimoto ndi mamilimita 30 kapena 40, ndiko kunena ngati m'lifupi mwa bokosi la machesi. Pa galimoto yoyenda kumudzi musapitirire pamenepo. Gulani opangidwira mtundu weniweni wa galimoto yanu, pakuti a Golf salowa pa Tazz.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka powerengera ndalama. Amaona mtengo wa masipuling'i okha, naiwala kuti galimoto ya zaka 20 ili ndi ma shock otopa kale. Shock yotopa ikaikidwa ndi sipuling'i yolimba imayamba kudontha mafuta posachedwa, ndipo galimoto imayenda ngati chule. Tsono werengerani ma shock atsopano, timipira ta m'mfundo za zitsulo ngati tang'ambika, malipiro a makaniko, ndi ndalama ya kugalaja kumene ali ndi makina owongolera matayala. Chomalizachi musachidumphe. Galimoto ikatsika, matayala amapendekera m'kati cha kumwamba ndipo saloza kutsogolo monga kale, kotero amadyeka mbali ya m'kati imene simuiona. Munthu amayang'ana kunja naona tayala lili bwino, pamene m'kati mawaya atuluka. Ngati ndalama sizikwanira zonsezi, dikirani malonda a chaka chamawa.

Muli mtundu wina umene anyamata amaukhumba, wotchedwa coilover, umene shock ndi sipuling'i zimabwera pamodzi, ndipo uli ndi mazinga ngati a bauti kuti mwini azikweza kapena kutsitsa ndi sipanala. Nzeru yake ndi yabwino, ndipo wina angaganize kuti azitsitsa m'chilimwe ndi kukweza m'dzinja. Koma abwino ake ndi odula, ndipo otchipa opanda dzina amakhala ouma ngati ngolo ndi osakhalitsa. Fumbi ndi matope zikalowa m'mazingamo zimagwirana ndi dzimbiri, kotero pofika dzinja sipanala imakanika. Wogula zimenezi azitsuka mazingawo ndi kupakamo girisi. Akumbukirenso kuti akasintha msinkhu, matayala afunika kuwongoledwanso.

Zogwiritsidwa kale ntchito zingagulidwe, koma ndi maso. Shock yonyowa mafuta isiyeni. Sipuling'i ipukuteni ndi kuyang'ana ming'alu, ndipo nsonga yake ikaoneka yodulidwa kapena utoto wake ukaoneka wopserera, dziwani kuti inapita kale m'manja mwa odula ndi owotcha. Posintha, sinthani mbali zonse ziwiri pamodzi.

Ntchito yochotsa sipuling'i si ya pansi pa mtengo wa mango ndi chingwe. Sipuling'i yopanikizidwa ikapulumuka imathyola dzanja kapena chibwano, ndipo amakaniko ali ndi zitsulo zake zoipanira. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene yakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa, pakuti njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Ntchito ikatha, nyali za kutsogolo ziyezedwenso, ndipo a inshuwalansi auzidwe kuti galimoto yasinthidwa.

Yezani msewu musanagule kanthu

Misewu yathu yambiri inakumbika mbali ziwiri ndi ngolo ndi malole, pakati n'kutsala mtumbira ngati wa mbatata. Kunsi kwa injini kuli sampu, ndiwo mphika umene oyilo amakhalamo, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala. Mwala ukauboola oyilo amatha m'kanthawi kochepa, ndipo woyendetsa akapanda kuzimitsa msanga, injini imauma. Mtengo wa injini uposa wa masipuling'i kutalitali. Paipi ya utsi nayonso imakoka pansi, makamaka pa zitunda zimene amaika m'misewu ya pa malo a malonda.

Tsono chitani chotere, bambo ndi mwana pamodzi. Kwezani m'galimoto anthu amene amakweramo masiku onse, ndi matumba awiri a makilogalamu 50 kumbuyo. Iimikeni pa malo osalala, ndipo ndi kamtengo yezani kuchokera pansi kufikira pa chitsulo chotsikitsitsa cha kunsi. Pa muyeso umenewo chotsanipo m'lifupi mwa bokosi la machesi, ndi kudula kamtengoko pamenepo. Kenaka pitani nako pa malo oipitsitsa a msewu wa kwanu, kaya ndi pa dambo kaya potsikira kumtsinje. Gonekani nsungwi yowongoka pamwamba pa mtumbira wa pakati modutsa msewu, ndipo imikani kamtengo kaja m'njira ya tayala. Ngati nsonga yake sipitirira nsungwiyo ndi zala zitatu kapena zinayi, galimotoyo ikatsitsidwa izigona kwa achibale a kumsewu wa tala, ndipo odwala azipita pa njinga.

Muyesowu muchite mvula itagwa kale, mu Januwale kapena Febuluwale, chifukwa msewu wa mu Ogasiti umanama. Ndipo ngati mwatsitsa ndithu, masipuling'i akale aja musagulitse kwa ogula zitsulo. Apakeni oyilo, muwamange pamodzi ndi kulemba a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndi kuwasunga m'nyumba pa malo ouma.